Zimbale Zathu Zikufa Ife Tikuona

Ana anga a ku Petauke ndi ku Nyimba, tcherani khutu, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wofuna kumva mmene kalimba ya Ansenga inkalirira mu 1961 angathe kuimva lero lomwe, kaya ali ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London. Koma wofuna kumva mmene kwaya ya mpingo wa kwawo inkaimbira mu 2005, kawirikawiri amabwerako chimanjamanja. Chimbale chilipo ndithu, chili m'kabati kapena m'sutikesi pansi pa bedi, koma mukachiika m'wailesi chimaimba mzere umodzi, n'kuyamba chibwibwi, n'kudumphira nyimbo yachinayi, kenaka zii. Za dzana zili moyo, za dzulo zikufa ife tikuona. Nkhani imeneyi imandisowetsa mtendere.

Za mu 1961 zija zinapulumuka motere. Chaka chimenecho kunabwera John Blacking, Mngelezi wofufuza za nyimbo amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Anayenda m'midzi ya boma la Petauke mothandizana ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute, atanyamula makina a tepi, n'kumajambula oimba. Analemba za kalimba ya Ansenga m'magazini ya African Music, ndipo nyimbozo zinatuluka pa malekodi awiri a kampani ya Folkways ya ku New York, otchedwa Music from Petauke of Northern Rhodesia. Mu 1987 bungwe la Smithsonian la ku Washington linatenga nyimbo zonse za Folkways, litalonjeza kuti palibe lekodi ndi imodzi yomwe imene idzaleke kupezeka. N'chifukwa chake makolo athu aja akuimbabe mpaka lero. Sikuti tepi ya Blacking inali yokhwimira. Panali anthu amene ankakopera nyimbo mosamala chipangizo chakale chisanafe, n'kulemba pambali pake kuti iyi ndi nyimbo yakuti, yojambulidwa kwakuti. Ntchito yake ndi yomweyo basi, ndipo ifeyo sitikuigwira.

Kumbukirani zaka za m'ma 2000, makaseti atayamba kutha. Makwaya a Reformed Church, a Katolika, a Anglican, a Adventist ndi a mipingo ya Pentekoste ankasonkherana ndalama za mtedza ndi thonje, amayi a Chigwirizano n'kumagulitsa vitumbuwa, mpaka ndalama ya basi ndi ya situdiyo itakwana. Ankakwera pa Great East Road kulowera ku Chipata kapena ku Lusaka, n'kubwerako ndi katoni ya zimbale zimene zinkathera pakhomo la tchalitchi. Anyamata a magitala, oimba za pamaliro, oimba za paukwati, onse anachita chimodzimodzi. Nyimbo za Sakala Brothers kapena za Angela Nyirenda sizindidetsa nkhawa kwenikweni, zili ndi ozisunga ambiri. Zimene ndikulirira ndi izi za katoni imodzi, zimene kompyuta yake yojambulira inafa kalekale, ndipo ena mwa oimba ake anatsikira kulichete. Ngati nyimbo za magulu otchuka a m'ma 1970 monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family zinatsala pang'ono kuiwalika mpaka makampani akunja monga Now-Again ya ku Los Angeles atayamba kuzifunafuna ndi kuzitulutsanso, nanga kwaya ya pamudzi pathu adzaifunefune ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choipirapo n'choti zimbale zambiri za makwayazi si zodinda kufakitale. Ndi zija zobena pa kompyuta, zotchedwa CD-R, zimene pansi pake pamaoneka mobiriwira kapena mwa buluu, pamwamba atalemba ndi cholembera. Chimbale cha kufakitale chimasunga nyimbo m'timaenje todindidwa m'pulasitiki. Chobena chimasunga mu utoto wopyapyala umene kuwala kwa laser kunaotcha, ndipo utoto umenewu umaopa dzuwa ndi kutentha. Inu mukudziwa mmene ku Nyimba kumatenthera mwezi wa Okutobala. Chimbale chotere chikagona pa dashibodi ya minibasi, kapena pawindo la nyumba ya malata, chimatha pang'onopang'ono ngakhale pasakhale pokalika ndi pamodzi pomwe.

Musanagwire chimbale kuti muchikonze, muyambe mwadziwa mmene chinapangidwira. Makampani a Philips ndi Sony ndiwo anachibweretsa pamsika mu 1982. Kuchindikala kwake ndi mamilimita 1.2, ndipo nyimbo zimayenda mumzere umodzi wozungulira umene umayambira pakati kupita kumphepete, wotalika makilomita oposa 5. Makina amawerenga kuchokera pansi, kuwala kukudutsa m'pulasitiki, koma nyimbo zenizenizo zili kumwamba, pansi penipeni pa chithunzi ndi malemba, zitangophimbidwa ndi kavanishi kopyapyala. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timasamala kunsi konyezimira, n'kumagoneka chimbale chagada pa tebulo la mchenga, osadziwa kuti tikukhula mbali yosachedwa kuwonongeka. Kukalika kwa kunsi kumangosokoneza kuwala, nyimbo zimakhala zilipobe. Kukalika kwa kumwamba kumachotseratu nyimbozo.

Chitani izi: nyamulani chimbale ndi m'mphepete, muchiyang'anitse ku nyali kapena ku khomo kumene kukuchokera kuwala. Mukaona timadontho ta kuwala tikuboola, kapena mzere woonekera mbali zonse ziwiri, dziwani kuti pamenepo panatha, ndipo palibe sopo kapena mankhwala amene angabwezeretse. Mukaona kuti siliva ali bwinobwino ndipo mizere ili kunsi kokha, limbani mtima, chimenecho n'chotheka. Yang'ananinso mmene mizereyo ikulowera. Opanga zimbale anaikamo manambala owonjezera othandiza makina kudzaza pamene pasowa, ndipo amatha kukonza bwinobwino malo otayika otalika pafupifupi mamilimita awiri ndi theka motsata mzere wa nyimbo. Choncho kukalika kochokera pakati kupita kumphepete kumangodula pang'onopang'ono mzere uliwonse, ndipo makina amakugonjetsa. Kukalika kozungulira kumatsata mzere wa nyimbo mtunda wautali, makina n'kusowa pogwira. Ndiye mukaona mwana akupukuta chimbale pa malaya kapena pa chitenje mozunguliza, mugwireni dzanja.

Zimbale zambiri zimene timati zinafa n'zakuda chabe: mafuta a zala, fumbi, madontho a tiyi. Tsukani ndi madzi oyera ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, mutsukuluze, n'kupukuta ndi kansalu kofewa monga kopukutira magalasi a maso, kuyambira pakati kupita kumphepete. Chiumire pamthunzi. Petulo, parafini ndi thina zisayandikire. Ngati pamwamba anamatapo pepala ndipo layamba kufutukuka, musalinyowetse ndipo musalisende, chifukwa limachoka pamodzi ndi siliva.

Ndikudziwa kuti m'tuntemba ta pamsika anyamata amathamangira kolugeti. Sindikunena kuti sathandiza konse. Mankhwala oyera otsukira mano amapala pulasitiki pang'ono, ndipo nthawi zina amasalaza kukalika kosazama. Koma kupala n'kuchotsa, ndipo madzi akatayika saoleka. Yambani mwakopera chilichonse chimene chingawerengeke chimbale chili mmene chilili. Mukasunga zimenezo, ndi pamene mungayese kupala chifukwa cha nyimbo imodzi kapena ziwiri zimene zakanika, kunsi kokha, kuchokera pakati kupita kumphepete.

Tsopano tifike pa kukopera kwenikweniko. Ambiri amaika chimbale mu kompyuta, n'kuona timafayilo tolembedwa Track01.cda, Track02.cda, n'kutikokera mu fulashi, poganiza kuti ntchito yatha. Yang'anani kukula kwake: kalikonse sikapitirira 1 KB. Mulibe nyimbo mmenemo, ndi tizizindikiro chabe tolozera pamene nyimbo iliyonse yayambira pa chimbale. Chimbale chikachoka, timakhala topanda ntchito. Pamafunika pulogalamu yowerenga nyimbozo, ndipo mapulogalamu amasiyana khalidwe. Wailesi ya zimbale ikafika poipa imangoyerekeza mawu amene asowa kapena kukhala chete kanthawi kochepa, chifukwa ntchito yake ndi yoti nyimbo isaime. Mapulogalamu ambiri okopera mwachangu amachitanso zomwezo, osakuuzani kuti penapake angopeka. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pulogalamu imene ndikukulangizani pa Windows ndi Exact Audio Copy, imene Andre Wiethoff wa ku Germany anayamba kutulutsa mu 1998, ndipo ndi yaulere kwa wogwiritsa ntchito panyumba. Musankhe njira yotchedwa Secure Mode. Mmenemo imawerenga malo aliwonse mobwereza n'kuyerekeza, ndipo ikapeza kusiyana imabwerera pomwepo kambirimbiri, mpaka maulendo oposa 80, kufuna kuti mayankho agwirizane. Mudzaona pa sikirini timabokosi tofiira tikuyaka kamodzikamodzi, liwiro likutsika, makina akulira n'kumabwerera m'mbuyo. Chimbale chabwino chimatha m'mphindi zochepa. Chokalika chingathe kudya madzulo onse. Musachitulutse mokwiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poti magetsi a masiku ano amathima nthawi iliyonse, yambani laputopu itadzaza moto, kapena gwiritsani ntchito sola masana. Amene ali ndi makompyuta a Apple ali ndi XLD, a Linux ali ndi cdparanoia, ndipo zonsezi zimagwira ntchito mwa khalidwe lomwelo la kudekha.

Ikamaliza imalemba lipoti lonena nyimbo zimene zatuluka bwino ndi malo amene ikukayikira, mphindi yake ndi sekondi yake. Lipoti limeneli musalitaye, lisungeni pamodzi ndi nyimbo. Pa zimbale zotchuka pali njira ya pa intaneti yotchedwa AccurateRip, imene imayerekeza zimene mwakopera ndi zimene anthu ena padziko anakopera pa chimbale chomwecho. Koma chimbale cha kwaya ya kwathu palibe wina anachitumizako, ndiye musadabwe ikanena kuti sichikudziwika. Pamenepo gwiritsani ntchito njira yotchedwa Test & Copy. Imawerenga nyimbo iliyonse kawiri n'kukupatsani manambala awiri. Akafanana, mtima ukhale m'malo.

Nyimbo ina ikakanirira, musaumirize makina usiku wonse mpaka atenthe. Idumpheni, mumalize zinazo, kenaka muyese pa kompyuta ina, chifukwa makina owerengera zimbale amasiyana maso: chimene awa achikana, ena amachiwerenga. Zikakanikabe, ikopereni mwa njira yachangu yotchedwa Burst Mode, n'kulemba pa dzina lake kuti ili ndi chilema. Nyimbo yodumpha pamodzi iposa nyimbo yosowa. Koma musanagonje, kumbukirani kuti katoni ija inagawidwa kwa anthu ambiri. Funsani kutchalitchi Lamulungu kuti ndani wina ali nacho. Chimbale cha amayi a uje chinafa nyimbo yachitatu, cha abambo a uje chinafa yachisanu ndi chiwiri, mukaphatikiza mumapeza chimbale chathunthu. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga musunge mu mtundu wanji wa fayilo? Pano ndi pamene ndimatsutsana ndi adzukulu anga ambiri. Nyimbo ya pa chimbale imayenda pa 1,411 kbps, ndipo mukaikopera yonse ngati WAV, mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB, chimbale cha ola limodzi pafupifupi 600 MB. MP3 ya 128 kbps, imene yadzaza m'mamemori khadi athu, imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. Imachepa chonchi chifukwa imataya mbali ya mawu imene akuganiza kuti khutu siliimva, ndipo zotayidwazo sizibwerera. FLAC, imene Josh Coalson anatulutsa mu 2001, imapanikiza fayilo kufika pafupifupi theka kapena kuposerapo pang'ono popanda kutaya kanthu. Mukaimasula mumapeza zenizeni zimene zinali pa chimbale, nambala ndi nambala.

Mlimi aliyense wa kwathu kuno akudziwa kusiyana kwa ufa ndi mbewu. Ufa ndi wabwino, ndiwo timadya tsiku ndi tsiku, koma sungaubzale. FLAC ndi mbewu, MP3 ndi ufa. Kuchokera ku FLAC mungagaye MP3 nthawi iliyonse imene mwafuna, ya pa foni, ya m'galimoto, yotumizira achibale. Kuchokera ku MP3 simungabwerere. Ena amatenga MP3 n'kuisandutsa FLAC poganiza kuti aikweza, koma amangokulitsa fayilo, zotayika zija osabwerera.

Mudzati, "Agogo, khutu silisiyanitsa." Pa kasipika ka foni kapena m'minibasi yodzaza, mukunena zoona, ndipo sindikukuletsani kumvera MP3. Koma chimbale chokalika mwina chikukupatsani mwayi womaliza wochiwerenga. Mawa wa pawailesi adzafuna kudula nyimboyo, mdzukulu wodziwa za situdiyo adzafuna kuchotsa phokoso kapena kukonza podumpha paja, ndipo ulendo uliwonse umene MP3 yakonzedwa n'kusungidwanso ngati MP3, imataya zina. Malo osungira si vutonso ngati kale. Chimbale chimodzi mu FLAC chimadya pakati pa 300 ndi 400 MB, kotero hard drive ya 1 TB ingasunge zimbale zoposa 2,000. Sindikhulupirira kuti pali parishi imene ingaidzaze.

Dziwaninso kuti si chimbale chilichonse chimene chili ndi mawu athunthu. Zambiri za pamsika zinabenedwa kuchokera ku MP3, ndipo FLAC ingosunga zimene yapeza, singawonjezere. Zina mukazitsegula mumapezamo mafayilo a MP3 kapena a vidiyo. Zimenezo sizifuna Exact Audio Copy, ingokoperani mafayilowo mmene alili, osawasintha mtundu.

Pali ntchito ina imene kompyuta singakugwirireni, ndipo kwa ine ndiyo yaikulu. Foda yolembedwa Track 01 mpaka Track 12 pakatha zaka khumi idzakhala ya anthu osadziwika. Lembani dzina la kwaya, mpingo, mudzi, mfumu ya dera, chaka, situdiyo, amene anapeka nyimbo iliyonse, amene ankatsogolera, amene ankaimba ng'oma. Lembani ngati nyimboyo ili m'Chinsenga, m'Chichewa kapena yosakaniza, ndipo ngati mungathe lembani mawu ake onse, chifukwa muli mawu a Chinsenga m'nyimbo zimenezi amene ana obadwira m'tauni sakuwadziwanso. Jambulani chikuto kutsogolo ndi kumbuyo, ndi chimbale chenichenicho. Zimene simukuzidziwa musapeke. Tengani foni, mukakhale pakhonde ndi amayi amene ankaimba nawo, muwaseweretse nyimboyo. Mudzaona okha akuyamba kutchula: uyu ndi uje, uyu anakwatiwa ku Katete, uyu anatisiya chaka cha njala. Safunsa anadya phula. Malekodi a Blacking aja ali ndi phindu lero chifukwa anatuluka ndi timabuku tofotokoza nyimbozo.

Mukamaliza, musasunge pamalo amodzi. Mwambi uja woti mapanga awiri avumbwitsa umanena za munthu wa mitima iwiri. Pa nkhani ya mafayilo, phanga limodzi ndilo livumbwitsa. Fulashi imafa osadwala, imasowa m'thumba, imatenga mavairasi m'makompyuta a pamsika. Foni imabedwa. Sungani malo atatu: pa kompyuta, pa hard drive imene imakhala m'kabati yosalumikizidwa, ndi kwa munthu wina wakutali, kaya ndi mwana wanu wa ku Lusaka kapena ku Kitwe, kaya ndi pa intaneti ngati mabandulo alola. Kupatsa n'kuika. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document kuti fayilo ifike mmene ilili. Kamodzi pa chaka, tinene nthawi ya mwambo wa Tuwimba kuti musaiwale, tsegulani mafayilowo muone ngati akuimbabe. FLAC imasunga nambala yodziyesera yokha, ndipo pulogalamu ingakuuzeni ngati fayilo yawonongeka. Chimbale chenichenicho musachitaye ngakhale mwakopera. Chibwezereni m'chikuto chake, chiimirire, pamalo ozizira ndi amdima.

Ndinenepo za ulemu. Kusunga si kuba, koma pakati pake pali kamzere kopyapyala. Oimba a dziko lino analira kokwanira ndi anthu obena nyimbo zawo n'kumagulitsa iwo osaonapo ngwee, ndipo bungwe la ZAMCOPS lilipo chifukwa cha zomwezo. Mukakopera chimbale cha kwaya kapena cha woimba wa kwanu, pitani kwa eni ake kapena kwa ana awo, muwapatse mafayilo awo, ndipo iwo ndiwo anene ngati nyimbozo zipite pa YouTube, pa wailesi kapena zikhale za pabanja. Nyimbo zina, monga za kuchinamwali, zili ndi malo ake ndi anthu ake, ndipo kukhala nazo mu kompyuta sikukupatsani ufulu woziulutsa. Chimbale chobwereka chibwerere msanga, makamaka tsiku lomwelo, paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Wokalamba akataya chimbale chimodzi m'manja mwa wachinyamata, mudzi wonse udzatseka makabati.

Ntchitoyi ndi yoposa munthu mmodzi, ndipo ndikupempha amene ali ndi makompyuta ndi magetsi kuti aitenge ngati yawo. Mawailesi a m'dera lathu, monga PASME ndi Explorers ku Petauke, analandira zimbale zambiri kuchokera kwa oimba m'zaka zapitazi, ndipo mawu awo amafika kutali: atalengeza tsiku loti anthu abweretse zimbale zakale, zingabwere. Mamishoni akale monga Minga, Merwe, Hofmeyr ndi Nyanje amadziwa kale kusunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati, ndipo hard drive imodzi ingakhale m'kabati yomweyo. Masukulu a sekondale amene amaphunzitsa za makompyuta angapatse ana ntchito imeneyi, aphunzire pa chinthu cha kwawo. Ndipo kumabwalo a mafumu athu, kwa a Kalindawalo, a Ndake, a Nyalugwe ndi a Luembe, kuyenera kukhala munthu wosonkhanitsa zojambulidwa za miyambo ndi magule.

Poyamba musatenge zimbale zokongola za kufakitale, zimenezo zingadikire. Yambani ndi zobena zolembedwa pamanja, zimene siliva wayamba kusenda m'mphepete kapena kusintha mtundu, ndi zimene oimba ake ndi okalamba kapena anamwalira. Malaputopu atsopano sakubweranso ndi polowetsa chimbale, ndipo makina ake akusowa m'masitolo chaka ndi chaka. Amene ali ndi kompyuta yakale yokhala ndi kathireyi kotuluka asaigulitse kwa ogula zitsulo. Aipukute fumbi, ayese ngati kathireyiko kakutsegukabe, ndipo ngati kanafa, CD drive yolumikiza pa USB imapezeka ku Lusaka ndi ku Chipata. Mpingo umodzi ungagule imodzi n'kumabwerekana ndi mipingo yoyandikana nayo.